Laser yakuwonjezerani tsitsi? Nayi nthawi yoyenera kuyamba electrolysis

Munapita ku laser, makina ochotsa tsitsi ndi kuwala, kuti cheya cha m'masaya chithe. Mwayendako maulendo anayi kapena asanu, kenako tsiku lina pagalasi mukuona kuti pamene panali tiubweya tofewa pamera tsitsi lakuda ndi lolimba, lina mpaka m'khosi momwe makina sanadutse n'komwe. Maso sakukunamizani ayi. Madokotala a khungu amalitcha vutoli paradoxical hypertrichosis, ndipo ambiri amaganiza kuti kuwala kukachepa mphamvu sikupha muzu koma kumangoufunditsa, muzuwo n'kudzuka. Limakonda nkhope, khosi ndi mapewa, makamaka kwa anthu a khungu loderapo ndi amayi amene ali ndi PCOS, vuto la mahomoni losokoneza msambo.

Electrolysis imalithetsa chifukwa siyang'ana mtundu wa tsitsi kapena wa khungu. Kasingano kamalowa m'kabowo ka tsitsi, magetsi n'kupha muzuwo, umodziumodzi. Ndi njira yakale: dokotala wa maso Charles Michel wa ku St. Louis ku America anailemba mu 1875, akuchotsa tsitsi la m'zikope lolasa diso. Chovuta ndi kudziwa tsiku loyambira.

1. Imitsani laser pamalopo, lembani tsiku lomaliza

Masabata onse muwerengera kuchokera pa tsikulo. Jambulani malowo pafoni masana, mutaima pawindo, ndipo muzibwereza pamalo omwewo mwezi uliwonse. Mtima ukakhala pamwamba, galasi limakokomeza. Dokotala wina akhoza kukuuzani kuti muyesenso ndi makina a laser otchedwa Nd:YAG, amene amayanja khungu lakuda. Pa tsitsi lokhuthala zimathandiza, koma pa cheya chopyapyala ine sindingabwerereko.

2. Dikirani masabata 4 mpaka 6

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa munthu ndevu zikamumera mwadzidzidzi amafuna zichoke mawa lomwe. Khungu limayenera kupola kaye. Ngati likadali lofiira, lotentha, losupuka kapena lili ndi matuza, kasingano kasayandikire, ngakhale masabata 6 akwane. Kubaya khungu lopsa kumasiya mawanga akuda amene amatenga miyezi kuti azilale.

Palinso za m'thumba. Tsitsi limene laser yagunda silichoka tsiku lomwelo, limathothoka lokha pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu. Mukaligwira limasololoka osamva kuwawa, ngati ulusi. Electrolysis amalipiritsa potengera nthawi, ndiye mukafulumira mudzalipirira kubaya tsitsi lomwe likanagwa lokha.

Komabe musaganize kuti zomwe mukuona pa sabata yachisanu ndi chimodzi ndi zonse. Mizu ina imakhala itagona, ndipo kukula kwenikweni kwa vutolo kumaoneka pakatha miyezi ngati itatu. Sikofunika kudikira miyezi yonseyo. Yambani ndi limene latuluka, kungoti lina likamera pambuyo pake musamunene wokuchotsaniyo kuti sadziwa ntchito.

3. Podikirapo metani, osazula

Kachitsulo kozulira, ulusi ndi phula zonse zisiyeni. Tsitsi lozulidwa limasowa kwa masabata angapo, ndipo popanda tsitsi kasingano kalibe pololowera. Lumo kapena sizasi ndi zabwino. Zija amati kumeta kumakhuthalitsa tsitsi ndi nkhambakamwa chabe, nsonga yodulidwa ndi imene imamveka yolasa. Metani komaliza masiku 3 mpaka 5 musanapite ku electrolysis. Limene latulukanso m'masiku amenewo ndi limene likukula, ndipo ndi losavuta kupha.

4. Kayezetseni mahomoni

Ngati msambo ukudumphadumpha, ziphuphu zachuluka, kapena tsitsi likumera pachibwano ndi pachifuwa pomwe, nthawi yodikirayi kaonaneni ndi dokotala. Electrolysis imapha mizu imene ilipo, koma mahomoni akapanda kukhazikika amadzutsa ina. Tchulaninso mankhwala amene mukugwiritsa ntchito, poti ena ngati minoxidil amameretsa tsitsi.

5. Yambani pang'ono, kenako musadumphe

Ulendo woyamba ukhale woyesa: mphindi 15 pakamalo kobisika, mwina kunsi kwa nsagwada, muone mmene khungu lipolere pa sabata imodzi. Kufiira ndi kutupa ngati kwa udzudzu kwa tsiku limodzi kapena awiri si kodabwitsa. Tinkhanambo tikabwera musatitokose. Singano ikhale yatsopano, yotsegulidwa inu mukuona, ndipo tsitsi lizichoka mosavuta. Mukamva kuti akukuzulani, muzu sunafe, lankhulani. Ngati muli ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino), mukumwa isotretinoin (mankhwala a ziphuphu), kapena zipsera zanu zimatukuka, neneranitu asanayambe.

Zikayenda bwino, pitani sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri, mpaka malo onse ayeretsedwe koyamba. Muwapemphe ayambe ndi tsitsi lakuda lolimbalo, cheya chofewa chisiyeni. Kenako maulendo amatalikirana okha, koma pankhope yembekezerani chaka chimodzi mpaka chaka ndi theka. Nthawi yonseyi dzolani mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo mafuta a retinol kapena osupula khungu muziwasiya masiku angapo musanapite komanso mutabwerako.