Mmene mungayambire magemu a ma mech osatopa nawo msanga

Ambiri amene amayesa magemu a ma mech koyamba dandaulo lawo limakhala limodzimodzi, akuti chimakinacho ncholemera, sichikutembenuka msanga, ndangowomberako pang'ono basi chazima chokha adani nkundimaliza. Eya zimatero ndithu ndipo kukoma kwake kuli pomwepo. Mu gemu yamfuti wamba inuyo ndinu msilikali, mumathamanga, kudumpha, kubisala. Mu gemu ya mech ndinu dalaivala wa chiloboti choyenda ndi miyendo cholemera matani ambirimbiri, ndipo nkhondo yambiri mumaimenyera mu galaja musanatuluke nkomwe, posankha kuti muikapo chani nanga musiya chani.

Poyamba dziwani kuti magemuwa ali mitundu iwiri ikuluikulu ndipo munthu akalowera kolakwika amathawa msanga. Mtundu woyamba ndi wa MechWarrior, womwe unachokera ku BattleTech, gemu yapatebulo yomwe kampani ya FASA inatulutsa mu 1984. Kumeneku mech imayenda mwaulemu, phazi lililonse mumachita kulimva, mumakhala mkati mwa cockpit maso ali pa ma geji. Mtundu wachiwiri ndi wa ku Japan, mfumu yake ndi Armored Core ya FromSoftware yomwe inayamba mu 1997 pa PlayStation yoyamba ija, uku nde kuli liwiro, kuuluka, kuzemba ma missile mbali iyi mbali iyo. Ngati mumakonda kuganiza kaye musanakanikize batani yambani ndi MechWarrior, ngati manja anu ndi achangu pitani ku Armored Core. Pamapeto pake mudzasewera zonse koma yambani ndi imodzi.

Kwa amene mwasankha MechWarrior ine ndinganene kuti yambani ndi MechWarrior 5: Mercenaries ya Piranha Games yomwe inatuluka mu 2019, chifukwa mumamenyana ndi kompyuta nde muli ndi mpata wolakwitsa popanda wina kukukalipirani. Chinthu choyamba kuzolowera ndi chakuti miyendo ndi chifuwa zimayenda payokhapayokha. Miyendo ikhoza kumapita kumpoto chifuwa chikuyang'ana kummawa, ndipo liwiro mukaliika limakhala pompo mpaka mutalitsitsa nokha, ngati mmene thirakitala imachitira. Musathamangire mishoni, khalani kaye pa malo ophunzirira aja muzizungulira chinyumba chimodzi uku mukuchiwombera, kumanzere kenako kumanja, mpaka manja asiye kusokonezeka. Mukaona kuti mwakakamira pakhoma osadziwa kuti miyendo yaloza kuti, pali batani lobwezera chifuwa pakati, lipezeni tsiku loyamba lomwelo.

Kenako nkhani ya kutentha, apa nde pamene pamagwera anthu. Mfuti iliyonse mukaomba imawonjezera kutentha mkati mwa mech, ma laser ndi ma PPC (mizinga ya magetsi) amatenthetsa kwambiri koma safuna zipolopolo, ma autocannon (mizinga ya zipolopolo) satenthetsa kwenikweni koma ndi olemera komanso zipolopolo zake zimatha, ndipo zipolopolozo zikaphulikira mkati zimang'amba mech yanu yomwe. Geji ikafika pamwamba injini imazima yokha kudziteteza, inu nkungokhala chiimire pakati pa adani. Nde musamaombe mfuti zonse nthawi imodzi pokhapokha mukudziwa kuti mdaniyo agwa pompo. Gawani mfuti mmagulu, zakutali batani lake, zapafupi batani lake, zotenthetsa kwambiri muziomba imodzi imodzi motsatizana. Muziyang'ananso dziko lomwe mukupita musananyamuke, mech yomwe imazizira bwinobwino pa dziko la madzi oundana ikafika ku chipululu imakuzimirani kawirikawiri, choncho nthawi zina ndi bwino kuchotsa laser imodzi nkuikapo heat sink, chida choziziritsa mech. Zonsezo zimalemera tani imodzi imodzi ngati tikunena medium laser, koma mech yokhala ndi mfuti zochepa zomwe ikuomba mosalekeza imaposa yodzadza mfuti yomwe ikungozima.

Mech ilibe moyo umodzi ngati munthu wa mu gemu zina, ili ndi zigawo, mutu, chifuwa chapakati, chifuwa chakumanzere ndi chakumanja, mikono, miyendo, chilichonse ndi chitsulo chake chotchinga. Tengani Centurion mwachitsanzo, ya matani 50 imene mumakumana nayo koyambirira. Mfuti yake yaikulu, autocannon ya AC/10, ili pa mkono wakumanja, mkono wakumanzere mulibe mfuti. Nde mukaomba, pamene mfuti ikudzadzanso, potozani chifuwa kuti mdani aziona mkono wakumanzerewo, zipolopolo zake zizithera pamenepo, ikadzadza mubwerere muombe, mupotozenso. Mkonowo ukaduka palibe chomwe mwataya kwenikweni. Kachizolowezi kameneka kokha kamasiyanitsa munthu amene akutuluka mu mishoni ali wamphumphu ndi amene akutuluka ndi ngongole ya ma repair. Mdani naye muzimuwerenga chimodzimodzi, mulokeni kaye kuti chithunzi chake chioneke pakona ya sikirini, muone pomwe pafiira nkumaomba pomwepo. Hunchback mwachitsanzo mphamvu zake zonse zili pa chi AC/20 cha paphewa lakumanja, mukaphwanya mbali imeneyo yatsala ndi timalaser basi.

Musathamangire Atlas. Ndikudziwa, aliyense akaona chimutu chake chonga chigaza chija ndi matani 100 amafuna yomweyo, koma ma mech amayambira matani 20 ngati Locust mpaka 100, ndipo apakatiwa a 40 mpaka 55 ndi amene amakuphunzitsani kuyendetsa chifukwa mukalowa polakwika mumatha kutulukapo. Atlas ikalowa polakwika yalowa basi. Pa nkhani ya ndalama, mu Mercenaries musanavomere kontrakiti mumakambirana kuti mukufuna ma C-bill (ndalama za mu gemuyi) ambiri kapena gawo lalikulu la zotsala za adani, ine ndimakonda kutsamira ku zotsalazo chifukwa ndi mmene mumapezera ma mech atsopano osagula, koma ngati kampani ili pa mavuto tengani ndalama kaye. Komanso kukonzetsa mech mdera lankhondo nkodula kusiyana ndi ku ma industrial hub, madera a mafakitale omwe kulibe nkhondo, ngati zingatheke pirirani mukakonzetsere kumeneko. Anzanu atatu a mu lance, kagulu ka ma mech komwe mumapita nako ku mishoni, muziwalamula, akompyuta mukawasiya amangoyendayenda, koma mukawauza kuti onse aombe mdani mmodzi zinthu zimagwa msanga.

Amene tinayambira pa MechWarrior 2 ya Activision ya 1995 timakumbukirabe mawu achizimayi a kompyuta aja mishoni ikamayamba, akutchula chimodzi chimodzi kuti reactor yayaka, ma sensor ayaka, mfuti zakonzeka, kenako phee, chipululu patsogolo ndi nyimbo zolemera zija. Zithunzi zake zinali za makonamakona koma mumamva ndithu kuti mwakwera chinthu chachikulu. Mumasankha gulu lomenyera nkhondo, Clan Wolf kapena Jade Falcon, ndipo Timber Wolf ya matani 75 ija yokhala ndi mabokosi a ma missile mmapewa, yomwe ena amaitcha Mad Cat, mpaka pano ndikaiona mtima umagunda. MechWarrior 3 inabwera mu 1999, ya 4 mu 2000, kenako panadutsa zaka zambiri kulibe chatsopano chosewera wekha. Zakalezi kuziyendetsa pa kompyuta yamakono zimafuna kuleza mtima, nde musayambire kumeneko, mudzazifune mutalawa kale.

Tsopano Armored Core. Yambani ndi ya chisanu ndi chimodzi, Fires of Rubicon ya 2023, simukufunika kudziwa nkhani ya zakale chifukwa iyi ili payokha, ndinu C4-621, woyendetsa waganyu pa dziko la Rubicon 3 pomwe makampani akulimbirana chinthu chotchedwa Coral. Apa mech mumaimanga nokha kuchokera pansi, mutu, core, mikono, miyendo, booster, generator, FCS yomwe imathandiza kuloka adani, kuphatikiza zida zinayi, ziwiri mmanja ziwiri mmapewa. Yambani kusankha miyendo chifukwa ndi imene imanena kuti munyamula zolemera bwanji. Miyendo iwiri wamba imachita chilichonse mwapakatikati, yopindikira kumbuyo ija imadumpha patali, ya inayi imatha kuyandama mmwamba nthawi yaitali, ya tank imanyamula zolemera ndipo imaomba mizinga ikuluikulu ikuyenda osaima. Mukatero muone generator, anthu ambiri amaiiwala nkumadabwa kuti bwanji akazemba kangapo mphamvu zatha.

Chomwe ndimakonda kwambiri mu gemu imeneyi nchakuti chida chilichonse mukachigulitsa amakubwezerani ndalama yomwe munagulira, nde palibe chifukwa choumirira chinthu chomwe sichikugwira, gulani, yesani, bwezani. Ndipo mukafa pa boss amakulolani kusintha zida zomwe muli nazo kale musanayambirenso pa checkpoint. Amene amafa maulendo ambirimbiri pa Balteus, boss wa kumapeto kwa chapter yoyamba uja wozunguliridwa ndi ma missile, kawirikawiri amakhala akubwerera ndi mech yomweyomweyo. Iyeyu ali ndi chishango cha pulse chomwe chimasweka msanga ndi mfuti za pulse komanso lupanga lija mumayamba nalo, chikasweka ndi pamene mumathira zonse. Muziyang'ana kageji kali pamwamba pa moyo wa mdani, mukamamuomba mosalekeza kamadzadza, kakadzadza amazandima kwa kanthawi ndipo chilichonse chomwe chamugunda nthawi imeneyo chimapweteka kwambiri, nde chida chanu champhamvu muzichisungira pamenepo osati kungochitaya poyamba. Musaope kuyandikira, helikopita ya mu mishoni yoyamba ija imaphunzitsa zomwezo, amene amabisala patali amavutika, amene amaulukira pansi pake ndi lupanga amadutsa. Mukamaliza musaifufute, mathero alipo atatu ndipo ma mishoni ena amatseguka mukayambiranso.

Zakale za Armored Core zinali zouma mtima kuposa apa. Kuyang'ana mmwamba ndi pansi kunali pa L2 ndi R2, kusuntha chammbali pa L1 ndi R1, zala zimachita kupindika, ndipo zinakhala choncho mpaka Nexus ya 2004 pamene analola timitengo tiwiri tonse kugwira ntchito ngati magemu ena. Mukamaliza mishoni amakuchotserani ndalama ya zipolopolo ndi yokonzetsera, moti mumatha kupambana koma nkutuluka ndi ngongole, ndipo mu gemu yoyamba ija ngongole ikapitirira 50,000 amakutengani kukakuchitani opaleshoni ya Human Plus yokuwonjezerani mphamvu, gemu nkuyambiranso. Ndi chifukwa chake ambiri tinkathamangira mfuti za energy, zinalibe bilu ya zipolopolo. Ngati mukufuna kulawa zakale ine ndingakulozereni Armored Core 3 ya 2002 pa PlayStation 2, kapena For Answer ya 2008 ngati mukufuna liwiro loti maso kulephera kutsatira.

Pali ina yomwe mwina simudzaigwira koma muyenera kuidziwa, Steel Battalion ya Capcom ya 2002 pa Xbox yoyamba. Inkabwera ndi controller yakeyake yaikulu, mabatani pafupifupi 40, zogwirira ziwiri ndi ma pedal atatu apansi, kuyatsa mech kokha kunali kukanikiza maswitchi motsatana, panali mpaka batani lopukutira galasi. Batani la eject, lothawira mu mech, linali ndi kachivindikiro kake, ndipo mech ikamaphulika inu osalikanikiza nthawi yake, save yanu yonse imafufutika. Palibe gemu ina yomwe inalimba mtima chonchi.

Ngati zonsezi zikuoneka zambiri, Titanfall 2 ya Respawn ya 2016 ndi khomo losavuta, nkhani yake ndi yaifupi, mumasinthana kuthamanga pakhoma ngati msilikali Jack Cooper ndi kukwera mech yake BT-7274, ndipo ubale wa awiriwa umakugwirani mtima. Zone of the Enders ya Konami, makamaka yachiwiri ya 2003, ndi ya amene akufuna kuuluka ndi kutema basi opanda za galaja. Kwa osakonda kuthamangitsa zala, BattleTech ya 2018 ya Harebrained Schemes ndi yosinthana ma turn ndipo malamulo a kutentha ndi zigawo aja ndi omwewo, moti imakuphunzitsani MechWarrior mosakupanikizani. Into the Breach ya 2018 ndi kagemu kakang'ono, ma mech atatu pa bwalo la mabokosi 8 kwa 8, imayenda olo pa kompyuta yofooka. Front Mission 3 nayo ndi yabwino ngati mumakonda nkhani yaitali.

MechWarrior Online ndi yaulere ndipo ilipo kuyambira 2013, koma muilowe mutazolowera kale kupotoza chifuwa ndi kusunga kutentha, chifukwa uko mukumenyana ndi anthu enieni, 12 mbali iyi 12 mbali iyo, ena akhala akusewera zaka zambiri. Masewero oyamba muziyenda limodzi ndi gulu, kumbuyo pang'ono kwa ma mech akuluakulu, muziloka mdani aliyense amene mwamuona kuti anzanu a ma LRM (ma missile oombera patali) amuonenso, ndipo mukaona kuti mwatsala nokha pakona ina bwererani msanga komwe kuli anzanu.