Kukonza zombo zatsopano za nkhondo ya m'mlengalenga m'dera la chinyezi

Zombo zimene tikunena pano ndi tizombo tating'ono ta masewero a nkhondo oseweredwa patebulo ndi makadi ndi madayisi. Bokosi la zombo zowonjezera likakupezani kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo, guluu ayambe wadikira. Onani kaye ngati zombozo ndi za malamulo amene anzanu akusewera. Masewero a X-Wing anatuluka mu 2012, koma mu 2018 malamulo anasintha, moti makadi ndi madayilo (timawilo tosankhira kayendedwe ka chombo) akale sagwira ntchito pa malamulo atsopanowo, ndipo zombo zakale zimafunika conversion kit, bokosi la makadi ndi madayilo atsopano. Zombo za X-Wing, komanso zombo zazikulu za masewero ena otchedwa Armada, zimabwera zomanga kale, zopenta kale. Ntchito yeniyeni ili pa zombo monga za masewero a Dropfleet Commander, zimene zimabwera zidutswazidutswa, zina zapulasitiki, zina za resin (mtundu wina wa pulasitiki wothiridwa m'chikombole uli wamadzimadzi).

Khuthulirani zidutswazo m'thireyi yoyala nsalu yoyera, muziwerenge motsatira pepala la kamangidwe. Kamfuti kakagwa pansi pa simenti kamadumpha n'kusowa.

Za resin muzitsuke musanachite china chilichonse, chifukwa zimachoka kufakitale zili ndi mafuta amene amathandiza kuzimatula m'chikombole, ndipo pa mafutawo penti ndi guluu sagwira. Madzi ofunda, dontho la sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale, basi. Tsukuluzani, ziyanikeni panyuzipepala usana ndi usiku. Mwezi wa June madzi amabisala m'timizere ta chombo ngakhale pamwamba pakuoneka pouma.

Phiko kapena mlongoti ukakhala wopindika, musauwongole uli wozizira, uthyoka. Sakanizani makapu awiri a madzi owira ndi kapu imodzi ya ozizira, kutentha kwake kufike cha m'ma 70 digiri. Viikani chidutswacho masekondi 20 mpaka 30, chiwongoleni ndi zala, kenako chiviikeni m'madzi ozizira mutachigwirabe. Kutentha komweko n'kumene kumapinda zombo zosiyidwa m'galimoto kapena pafupi ndi malata mu October.

Podula zidutswa pa felemu imene zimabwera zili zolumikizidwa, siyani milimita imodzi kapena awiri kuchokera pachidutswa, kotsalako mukupale ndi lezala. Mukadula pafupi kwambiri pulasitiki imang'ambika n'kusiya kadzenje koyera. Salazani ndi sandipepa wa 400, kenako wa 800. Resin muzisalaza ndi sandipepa wonyowa mutavala masiki, chifukwa fumbi lake si labwino m'mapapo.

Pa guluu m'pamene ambiri amaonongera ndalama. Plastic cement amasungunula pulasitiki pang'ono kuti zidutswa ziwiri zikhale chimodzi, koma pa resin sachita kanthu, pamafunika supa guluu. Supa guluu amauma chifukwa cha chinyezi, choncho kuno amagwira msanga kuposa mmene mukuyembekezera, ndipo mukachulutsa amasiya nthunzi yoyera mozungulira pomatapo. Yesani kaye kulumikiza zidutswazo popanda guluu, kenako pakani kadontho ndi nsonga ya singano. Chubu chotsegula muchisunge m'botolo lotseka bwino limodzi ndi timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato, apo ayi chimauma chokha. Zidutswa zolemera, monga injini yotulukira kumbuyo, guluu yekha sakwanira. Boolani mbali zonse ziwiri ndi kadirilo kapamanja ka milimita imodzi, mamilimita atatu kapena anayi kuzama, mulowetse kawaya ka pepa kilipu, ndiye mumate.

Mabokosi ambiri amapereka thupi limodzi la chombo ndi mitundu ingapo ya mfuti. Ife timati musamate mfutizo, ikani maginito ang'onoang'ono amphamvu a neodymium. Bokosi lochokera ku UK kapena ku Johannesburg ndi lodula, ndiye chombo chimodzi chizitha kusewera mitundu iwiri kapena itatu. Maginito a 2x1 mm akwanira mfuti zazing'ono, a 3x2 mm agwira chombo chapakati pa ndodo yake, ndipo cholemera chimafuna a 5x2 mm. Sankhani maginito amodzi okhala muyezo, muwamate pakamtengo, ndipo ena onse muziwayesa pamenepo n'kuika chizindikiro ndi cholembera cha maka kumbali yolowa m'dzenje. Mukatembenuza amodzi, mfuti imakankhidwa m'malo mokokedwa, ndipo kuwachotsa kumafuna kukumba chombo. Asungeni patali ndi ana, pakuti mwana akameza awiri amakokana m'matumbo.

Ndodo yoonekera mkati imene chombo chimaimapo ndi yosachedwa kuthyoka, ndipo supa guluu amaichititsa mbuu. Iime chilili pakati pa tsinde lake, chifukwa mu Dropfleet Commander mtunda umayezedwa kuchokera pandodoyo.

Tsopano primer, penti woyamba amene ena onse amagwirapo. Apa m'pamene nyengo yathu imavuta. Chinyezi chikapitirira pafupifupi 70 peresenti, penti wopopera amatola madzi mumpweya n'kugwera pachombo ali wamanyamanya, timizere tonse tokongola n'kukwiririka. Kuyambira May mpaka August kuli chiperoni, kuyambira November mpaka April kuli mvula. Ngati phiri labisika m'nkhungu kapena udzu udakali wonyowa, musapope. Dikirani tsiku la dzuwa, cha m'ma 10 koloko mame atauma. September ndiye mwezi wabwino. Mu October pewani masana, chifukwa penti amauma asanafike pachombo ndipo zotsatira zake ndi manyamanya omwewo.

Ikani chitini cha penti wopoperayo m'madzi ofunda mphindi zisanu, osati pambaula chifukwa chingaphulike, muchigwedeze mphindi ziwiri zathunthu. Popani muli masentimita 20 mpaka 25, modutsa mwachangu, kawiri kapena katatu. Penti wopopera wa m'mahadiweya a ku Limbe amathandiza, koma wina amadya pulasitiki, choncho yesani kaye pa zotsala zimene munadula. Ngati simungadikire dzuwa, pali primer wopaka ndi burashi, amene chiperoni sichimusokoneza.

Penti wopaka pamwamba pa primer ndi wa acrylic, wosungunula ndi madzi mpaka afanane ndi mkaka, ndipo mupake kawiri mopyapyala. Akauma, thirani penti wakuda wamadzimadzi kuti alowe m'timizere, kenako tengani penti wowala paburashi, muipukute pansalu mpaka itsale pang'ono kuuma, n'kupalasa m'mphepete. Kumbuyo kwa injini ikani buluu kapena olenji, pakati kadontho koyera. Si zokongoletsa chabe: mnzanu wakhala tsidya lina la tebulo amadziwira pamenepo kumene chombo chaloza. Vanishi wosawala, wopopera pomaliza kuteteza penti, ndiye amaopa chinyezi kuposa primer, amachititsa chombo chonse kuyera mbuu. Zikatero musachipale. Pakani vanishi wowala ndi burashi, nthawi zambiri kuyerako kumachoka, ndiye mubwereze wosawalayo tsiku louma.

Makadi ndi tizikatoni towerengera zimafufuma ndi kuchita chuku, ndipo mphemvu zimadya m'mphepete mwake. Zisungeni m'timatumba totseka ndi silica gel, m'bokosi lapulasitiki, osati pansi kapena pafupi ndi khoma.

Bwalo la X-Wing ndi masentimita 91 mbali zonse, la Armada 91 kwa 183, la Dropfleet Commander 122 mbali zonse. Yalani nsalu yakuda yokhuthala, yaubweyaubweya, chifukwa pa yoterera zombo zimasuntha munthu akangogunda tebulo. Chombo chatsopanocho muchiyese kaye pa nkhondo yaing'ono, zombo ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse, makadi ake ali poyera kuti nonse muwerenge malamulo ake dayisi lisanaponyedwe.