Mmene mungalankhulire pagulu kuti omvera atolepo kanthu

Munthu amene akuwerenga akasochera, amabwerera pamzere wapitawo n'kuwerenganso. Womvera alibe mwayi umenewo. Mawu akamudutsa ndiye kuti apita, ndipo pamene akuyesa kulingalira zomwe mwanenazo, inu mwafika kale pa mfundo ina. Pafupifupi malangizo onse a kulankhula pagulu amachokera pamenepa: nkhani yokonzera khutu imamangidwa mosiyana ndi yokonzera maso.

Mu 1948, katswiri wa masamu wa ku America, Claude Shannon, anafotokoza mmene uthenga umayendera. Pamakhala wotumiza, uthenga, njira yodutsamo, wolandira, komanso phokoso lomwe limasokoneza uthengawo uli m'njira. Iye ankaganizira za mawaya a telefoni, koma chithunzi chakecho chimathandiza aliyense woima pamaso pa anthu. Phokoso si la galimoto yodutsa panja lokha. Kutopa kwa omvera ndi phokoso, kutentha kwa m'chipinda ndi phokoso, mawu ozama amene simunawamasulire ndi phokoso, ngakhale kukukayikirani kumene anthu abwera nako. Ntchito yanu ndi kuchepetsa zonsezi. Ndipo mosiyana ndi waya, omvera amayankha nthawi yomweyo: nkhope zawo zimakuuzani ngati uthenga ukulowa.

Musanalembe chilichonse, dziwani kuti mukalankhula ndi ndani, akudziwa kale zotani pa nkhaniyo, ndipo mukufuna kuti akachite chiyani akachoka. Kenako lembani uthenga wanu wonse m'chiganizo chimodzi. Yerekezani kuti wina wakumana ndi womvera wanu pakhomo n'kumufunsa kuti, "Amanena chiyani mkatimo?" Yankho limene mukufuna kuti apereke ndilo chiganizo chanucho. "Nkhani ya ukhondo" si uthenga, ndi mutu chabe. "Sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 musanagwire chakudya" ndiwo uthenga. Ngati chiganizocho chikukukanikani kulemba, simunakonzeke, ngakhale mutadzaza masamba khumi.

Mfundo zochirikiza uthengawo zisapitirire zitatu pa nkhani ya mphindi zosapitirira 15. Apa ndi pamene odziwa zinthu ambiri amagwera, chifukwa chilichonse chimene akudziwa chimawaonekera chofunika. Mu 1863, pa mwambo wina ku Gettysburg m'dziko la America, katswiri wolankhula pagulu Edward Everett analankhula kwa maola awiri, kenako pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, Abraham Lincoln, analankhula kwa mphindi ziwiri zokha, ndipo mawu amene anthu amawakumbukirabe ndi a Lincoln. Mfundo iliyonse ikhale ndi chitsanzo chimodzi chooneka ndi maso kapena nambala imodzi yotsimikizika. Nambala zikachuluka zimaphana zokhazokha. Posintha mfundo, nenani poyera kuti, "Imeneyo ndi yoyamba, tsopano yachiwiri." Papepala mawu oterewa amaoneka osafunika, koma kwa womvera ndiwo amamuuza pomwe mwafika.

Aristotle, wanzeru wa ku Greece wakale, anati anthu amakopeka ndi zinthu zitatu: khalidwe la wolankhula, mmene nkhaniyo yawakhudzira mumtima, ndi umboni wake. Yang'anani nkhani yanu ngati ili nazo zonse. Umboni wopanda kukhudza mtima umagoneka anthu tulo, ndipo kukhudza mtima kopanda umboni kumazirala anthu akangotuluka. Chikhulupiriro chimasweka msanga mukanena nambala yolakwika pamaso pa munthu amene akuidziwa.

Musalembe nkhani yonse kuti mukawerenge. Wowerenga amaweramitsa mutu, mawu ake amapita pansi, ndipo saona kuti anthu atayika. Lembani mawu ofunika okha pa timakadi, zilembo zikuluzikulu, khadi limodzi mfundo imodzi, ndipo muike manambala kuti timakadito tikagwa musavutike kutisanja. Zoyenera kulemba liwu ndi liwu ndi zitatu: chiganizo choyamba, chiganizo chomaliza, ndi manambala kapena mayina.

Kuyeserera kumachitika mokweza mawu, mutaimirira, wotchi ili pambali. Kubwereza mumtima kumanyenga, chifukwa maganizo amathamanga kuposa lilime ndipo sapunthwa pa mawu ovuta. Yesererani katatu kapena kupitirira apo, ndipo ulendo umodzi mudzijambule pa foni. Kudzimvetsera kumachititsa manyazi, komabe ndi kumene mudzamve "eee" ndi "ndiye kuti" amene mumathira pa chiganizo chilichonse, komanso mathero a ziganizo amene mumameza. Mukapatsidwa mphindi 10, konzani za mphindi 8 kapena 9. Pagulu pamakhala kuseka, kudikira, ndi kubwereza, ndipo zonsezi zimadya nthawi.

Mantha ndi ntchito ya thupi. Thupi likaona ngati pali ngozi limatulutsa adrenaline, michere yolikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana ndi ngoziyo: mtima umagunda kwambiri, m'kamwa mumauma, manja amanjenjemera, mpweya umathera pachifuwa. Chifukwa cha mpweya woperewerawo mawu amatuluka opyapyala komanso othamanga. Musanaitanidwe, kokani mpweya ndi mphuno kwa masekondi 4 mpaka mimba itukuke, osati mapewa, kenako muutulutse pang'onopang'ono kwa masekondi 6. Chitani zimenezi kasanu. Imwani madzi pang'ono. Mukaimirira, mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, ndipo pepala lopyapyala musaligwire m'manja chifukwa limaonetsa kunjenjemera konse. Musayambe ndi kupepesa kuti muli ndi mantha kapena simunakonzeke. Ambiri sakanazindikira, ndipo mukawauza amayamba kufufuza zizindikiro zake m'malo momvera uthenga.

Mukafika kutsogolo, khalani chete masekondi awiri kapena atatu, yang'anani anthu, kenako yambani. Lankhulani ngati mukuuza munthu wakhala pampando wakumbuyo kwenikweni. Maso anu akhale pa munthu mmodzi mpaka chiganizo chithe, kenako asamukire kwa wina mbali ina. Kusesa chipinda chonse ndi maso kumakhala ngati simukuyang'ana aliyense. Mukanena mfundo yaikulu, imani. Kwa inu masekondi atatu a chete amaoneka ngati chaka, koma womvera ndi pamene amameza zomwe wamva, ndipo chete yemweyo ndi amene amalowa m'malo mwa "eee". Mukaona nsidze zakwinyika kapena mitu yambiri yawerama pa mafoni, musawonjezere liwiro kuti mumalize msanga. Bwererani, nenani mfundoyo m'mawu ena, perekani chitsanzo.

Maikolofoni ikhale pansi pang'ono pa mlomo, patali ngati zala zinayi, ndipo mukatembenuza mutu itembenukenso. Mukaiyandikitsa kwambiri, "p" ndi "b" amaphulika. Kulira kobaya m'makutu kuja kumayamba maikolofoni ikaloza kapena kuyandikira sipika, chifukwa imatola mawu ake omwe n'kumawakuza mobwerezabwereza. Sunthani muchoke kutsogolo kwa sipikayo. Poiyesa lankhulani chiganizo chenicheni, osaiuzira kapena kuimenya ndi chala.

Nthawi ya mafunso, mvetserani mpaka wofunsa amalize, kenako bwerezani funsolo mokweza kuti akumbuyo alimve. Zimakupatsaninso mpata woganiza. Yankho lisapitirire mphindi imodzi. Funso limene simukudziwa yankho lake, nenani kuti simukudziwa ndipo mutchule kumene lingapezeke. Wina akayamba kulalikira m'malo mofunsa, dikirani apume, mumuthokoze mwaulemu n'kumufunsa kuti, "Funso lanu lenileni ndi liti?" Chiganizo chanu chomaliza chija chisungeni mpaka mafunso atatha, kuti mawu otsiriza kumveka m'chipindamo akhale uthenga umene munabwera nawo.