Kamera ya CCTV ikuonetsa chimbuuzi? Chitani izi musanagule ina

Makamera achuluka kuno ku Salima, kuyambira mashopu a pa Kamuzu Road mpaka nyumba ndi malodge a ku Senga Bay, koma tsiku loti kwabedwa mukanena kuti tiyeni tibweze tione amene analowa pa geti, chimene chimaoneka ndi chinthu choyera mbuu chikuyenda, nkhope osadziwika, olo kuti ndi mwamuna kapena mkazi osazindikira. Nde ambiri amathamangira kugula kamera ina yodula, pomwe nthawi zambiri kamerayo ilibe mlandu. Ine ndimayenda chonchi ndikamakonza zanga ndi za achibale.

Choyamba, dziwani kaye ngati vuto lili pa foni kapena pa kamera penipeni. Pitani pomwe pali DVR, kabokosi kamene makamera amalumikizidwako kosunga zithunzi, lumikizani TV ndi HDMI, muone chithunzi pamenepo. Ngati pa TV chili bwinobwino koma pa foni chili chimbuuzi, musakwere makwerero, vuto ndi app. Ma app monga Hik-Connect, DMSS kapena XMEye amakonda kutsegula sub stream, chithunzi chaching'ono chosadya bando, nde dinani pomwe palembedwa SD kapena Basic muike HD. Koma dziwani kuti bando yanu ya Airtel kapena TNM iyamba kutha msanga, musamangoisiya pa HD tsiku lonse.

Chachiwiri, kwerani mukapukute. Zikumveka zachibwana koma kuno kunyanja ndi nkhani yaikulu. Fumbi la mu October limamata pa galasi, mwera ukaomba umabweretsa zake, ndiye pali nkhungu, zija zimadzuka panyanja madzulo, zimaunjikana pa timagetsi tofiira tozungulira galasi la kamera, ndipo pomwe pali tizilombo kangaude sachedwa kumanga. Masana ulusi wa kangaudewo simungauone pa chithunzi, koma usiku kuwala kwa timagetsi tofiira tija, kotchedwa infrared, kumamenya ulusiwo nkubwerera mu kamera, zonse nkuyera. Nsalu yofewa yonyowa pang'ono ndi yokwanira. Musagwiritse ntchito sipiriti kapena sopo wa ufa pa makamera ozungulira aja a dome, chivundikiro chake ndi pulasitiki, chimachita zikande ndipo sichibwereranso. Mankhwala ophera tizilombo poperani pa khoma mozungulira, osati pa galasi. Onaninso ngati kapulasitiki kamene kamabwera katamatidwa pa galasi kamera ili yatsopano kanachotsedwa, amisiri ena amaiwala. Mukaona madontho a madzi mkati mwa galasi ndiye kuti chinyezi chalowa, tsegulani, umitsani pamthunzi, muikemo tipaketi ta silica tija timapezeka mu bokosi la nsapato zatsopano, mutseke bwino labala yake.

Chachitatu ndi magetsi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe panandizunza ine. Chizindikiro chake nchakuti masana chithunzi chili bwino zedi, koma kukangoda kumabwera mpunga, mizere yoyenda, kapena kamera imazima nkuyaka, kuzima nkuyaka mpaka kucha. Makamera ambiri a DVR amafuna 12V DC. Masana amadya magetsi ochepa, usiku timagetsi ta infrared tikayaka amafuna ochulukirapo, nde ngati adaputa ndi yofooka kapena waya ndi wautali komanso wachabe, mphamvu yofika ku kamera imatsika ndipo chithunzi chimaonongeka.

Kamera yanga ya ku geti inkachita zimenezi. Inasinthidwa kamera, zomwezo. Adaputa yatsopano, zomwezo. Ukayeza pa adaputa pomwepo mita ikuwerenga 12 yabwinobwino, ndipo ndi chimene chimapusitsa anthu ambiri. Muyeze kumapeto kwa waya, pomwe ukulowa mu kamera, kamerayo ili yolumikizidwa komanso infrared itayaka. Simukuyenera kudikira usiku ayi, ingophimbani ndi chala kadiso kakang'ono kali kutsogolo kwa kamera kapena ivindikireni ndi chipewa, mumva kaphokoso kakuti tiki, timagetsi tofiira tiyaka, apo nde yezani ndi multimeter, mita yoyezera magetsi ija. Mukapeza pansi pa 11V yambani kukayika, mukapeza 10 kapena 9 vuto ndi limeneli basi. Multimeter ngati mulibe bwerekani kwa okonza mawailesi kapena oyika sola, musachite kugula pa ntchito ya tsiku limodzi.

Kwa ine wolakwa anali waya. Ndinaugula pa shopu ina ku Lilongwe, wogulitsa akulumbira kuti bwana uyu ndi kopa weniweni, pa bokosi palembedwanso choncho, mtengo wotsika pang'ono kusiyana ndi kwina. Unali CCA, kutanthauza aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba. Waya wotere umataya mphamvu panjira kuposa kopa, umathyoka ukaupinda kawirikawiri, ndipo ndi chinyezi cha kunyanja kuno umafumbwa msanga polumikizira. Nde musanapereke ndalama pemphani kachidutswa. Palani ndi mpeni, mkati mukayera ngati siliva ndi aluminiyamu ameneyo. Kapena otchani nsonga yake ndi laita, kopa amangofiira koma amalimba, CCA amalefuka nkugwa. Tenganinso maginito, yochokera mu sipika yakufa ikwanira, ikamata pa waya wapakati ndiye kuti ndi chitsulo chokutidwa kopa, wotero ndi wa dishi ya TV, pa makamera funani RG59 wa kopa yekhayekha. Wogulitsa akakana kuti muyese, tulukani, asakunyengerereni ndi zoti mitengo ikwera mawa, imakwera kale tsiku ndi tsiku.

Ngati waya unakwiriridwa kale kapena unadutsa mu siling'i ndipo kuusintha nkovuta, njira yachidule ndi kuika adaputa yakeyake pafupi ndi kamera, mu kabokosi kosalowa madzi, waya wautaliwo uzingonyamula chithunzi. Werengerani 1A pa kamera iliyonse kuti mukhale pabwino. Zomagawa adaputa imodzi ya 2A ku makamera anayi ndi ka splitter zija zimagwira masana okha. Amene muli pa sola, onani nthawi yomwe chithunzi chimayamba kuvuta, ikakhala mbandakucha tsiku lililonse ndiye kuti batire yatsika. Ma inverter otchipa aja a modified sine wave nawonso amabweretsa mizere, zimitsani inverter muyese pa magetsi wamba muone kusiyana.

Chachinayi, timitu ta BNC, tija tachitsulo tolumikizira waya ku kamera ndi ku DVR. Gwedezani waya kumbuyo kwa DVR ndi ku kamera wina akuyang'ana TV, chithunzi chikamaphethira dulani muike mutu watsopano, ndi zotchipa izi, gulani zingapo kamodzi. Mukaona zobiriwira kapena dzimbiri musavutike nkupala. Polumikizira pasamakhale pamtetete pongokulungidwa tepi yakuda, dzuwa la kuno limasungunula tepi, mvula ikabwera madzi amalowa. Mizere yoyenda pang'onopang'ono kuchoka pansi kupita pamwamba imabwera waya wa kamera ukayenda mu paipi imodzi ndi waya wa magetsi a 230V, kapena kamera ikamangidwa pa chitsulo penipeni, nde siyanitsani mawayawo ndipo pakati pa kamera ndi chitsulo ikani kathabwa kapena pulasitiki. Zikakanika pali kachipangizo kotchedwa ground loop isolator. Ndipo yendani ndi waya wonse, makoswe a mu siling'i amaukonda. Kuti mudziwe msanga ngati ndi waya kapena kamera, tsitsani kamerayo muilumikize pa DVR ndi kawaya kafupi, ikaonetsa bwino mwapeza.

Chachisanu, ma settings. Lowani pa Encode kapena Record, main stream, chithunzi chachikulu chimene chimasungidwa, ikhale pa resolution yapamwamba yomwe kamera ikulola, bitrate, kuchuluka kwa data yomwe chithunzi chimadya pa sekondi, ya 1080p ikhale pakati pa 2048 ndi 4096 kbps, H.265 ngati ilipo chifukwa imasunga malo pa hard disk. Amisiri ena amatsitsa dala bitrate kuti akuuzeni kuti disk isunga mwezi wathunthu, koma mwezi wathunthu wa zithunzi zosaoneka nkhope uthandiza chani kupolisi? Video standard ikhale PAL, 50Hz, osati NTSC. Chithunzi chikakhala chakuda ndi choyera masana kapena chong'ambikang'ambika, kamera ndi DVR sizikumvana pa mtundu wa siginolo, AHD, TVI kapena CVI, pali kabatani pa mchira wa kamera kosinthira. Chenjeraninso ndi ma DVR olembedwa 1080N, si 1080p imeneyo, imajambula 960 x 1080, theka la m'lifupi, ndipo ogulitsa ambiri N ameneyo samutchula. Zonse zikamaoneka za pinki, ka filter ka mkati kakakamira, zimitsani nkuyatsanso, phimbani kamera ndi kuivundukula kangapo, zikakana imeneyo yatha.

Chachisanu ndi chimodzi, malo oika kamera. Nyanja ili kum'mawa kwathu, kaya ku Chipoka kaya ku Nkhotakota, nde kamera yoyang'ana kunyanja imachititsidwa khungu m'mawa uliwonse, iweramitseni pang'ono thambo lisamaoneke, yatsani WDR kapena BLC, ma settings othandiza kamera ikayang'anizana ndi kuwala. Isayandikire khoma loyera kapena nsonga ya malata, infrared imabwerera. Yokwezedwa kwambiri imangojambula zipewa ndi madazi, mamita atatu ndi okwanira. Ndipo kamera imodzi singaone bwalo lonse nkuonetsanso nkhope pa geti, kuchita zoom pa foni kumangokulitsa chimbuuzi chomwecho, ikani ina pa geti pomwepo ndi babu lowala usiku.

Makamera a WiFi aja, monga a V380, nkhani ndi netiweki basi, khoma la njerwa ndi malata zimadula, sendezani rauta pafupi ndipo ikhale pa 2.4GHz. Memory card yabodza imadumphadumpha, gulani Class 10 pamalo odalirika. Makamera a PoE, amene amalandira magetsi pa waya wa netiweki womwewo, waya usapitirire mamita 100, ndipo uyeseninso ndi mpeni uja, waya wa netiweki wa Cat6 wa CCA ali mbwee m'mashopu.