Kuphunzitsa a MBA amene masana ali kuntchito

Wophunzira MBA (digiri ya masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi) amene ali pantchito amaweruka 5 koloko, kunyumba n'kupeza ana akumudikira. Ngati ndi wa kubanki kapena akauntanti, kumapeto kwa mwezi musamuwerengere n'komwe. Ine anthu otere ndimakumana nawo Loweruka lokha, ndipo kalasi imazilala m'masiku apakatiwa mukaitayirira.

Yambani ndi WhatsApp, poti aliyense ali nayo kale ndipo bandulo yake njotsika mtengo. Tsegulani magulu awiri: lina lolembamo inu nokha zidziwitso, lina la zokambirana. Mukawaphatikiza, tsiku lopereka asayimenti limakwiririka ndi mavesi a m'mawa ndi mauthenga a maliro.

Lolemba madzulo ponyani funso limodzi lokha, lokhudza ntchito yawo. Limene linandiyendera bwino ndi ili: "Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kuntchito kwanu mitengo munaisintha bwanji?" Woyankha atumize voice note yosapyola mphindi ziwiri. Apa ndiye mumamva zenizeni. Wogula katundu kunja amadandaula za madola, wa kubanki amamuyankha pomwepo, mayi amene m'kalasi sayankhula amafotokoza mmene anakambirana ndi ogwira ntchito za malipiro. Inuyo musathamangire kuweruza. Dikirani mpaka Lachinayi, kenako mangani zonsezo ndi mutu wa sabatayo, mukutchula mayina a amene anapereka mfundo. Munthu wamkulu akamva kuti mfundo yake yagwiritsidwa ntchito, sabata yotsatira amayamba ndiye.

Ntchito ya pagulu ailembere pa Google Docs, ndipo inu akuikenimo. Version history, mbiri ya zosintha zonse mu chikalatacho, imaonetsa amene analemba chiyani ndiponso liti, choncho wongodalira anzake sabisala. Ndimawauziratu zimenezi tsiku loyamba.

Misonkhano ya pavidiyo ichepe. Zoom yaulere imaduka pakatha mphindi 40, Google Meet pakatha ola limodzi, ndipo nthawi imeneyo njokwana. Lembani mfundo zikuluzikulu n'kuzitumiza pagulu, chifukwa wina magetsi amakhala atamuthimira, wina ali pa ulendo wa ntchito ku Mzuzu.

Chimene sindilola n'kuponya zinsinsi za kampani pagulu, poti screenshot siichedwa kufika kwa bwana. Pofuna manambala, tengani malipoti apachaka a makampani a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange monga Illovo, Press Corporation kapena National Bank, omwe aliyense angawapeze pa intaneti.