Momwe mungapezere atachimenti ya za makompyuta n'kuimaliza osalira

Semesita ya atachimenti, nthawi imene wophunzira amakaphunzira ntchito pamalo a ntchito enieni, ikamayandikira, pa gulu la WhatsApp la kalasi pamangomveka funso limodzi: "Wapeza kuti?" Kaya muli ku MUBAS, ku UNIMA ku Zomba, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuni kapena ku NACIT, vuto ndi lomwelo. Ophunzira ndi ambiri, maofesi okhala ndi dipatimenti ya IT ndi ochepa, ndipo ochepawo anaunjikana ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ine ndinadutsamo, nsapato mpaka kutha chidendene.

Yambani ndi kalata ya ku dipatimenti yanu yokupempherani malo. Itengeni msanga, semesita isanathe, chifukwa mayeso akayamba aphunzitsi oti asayine mudzawasowa. Ikhale ndi chidindo, ndipo muijambulitse kangapo. CV ikhale ya tsamba limodzi. Zoti mumadziwa Microsoft Word zichotseni, aliyense amalemba zomwezo. Lembani chinthu chimene munapanga ndi manja anu, ngakhale ndi kasisitimu kowerengera katundu wa mu golosale ya amalume anu, mukaike pa GitHub, tsamba la pa intaneti loikapo mapulogalamu amene mwalemba, adiresi yake ikhale pa CV-po.

Kenako kokapereka. Aliyense amathamangira ku TNM, ku Airtel, ku mabanki, ku MRA ndi ku ESCOM. Kaperekeni ndithu, koma musakhale pansi n'kumadikira. Yesaninso zipatala za m'maboma, makhonsolo, mabungwe omwe si aboma, timakampani toika netiweki ndi makamera, ngakhalenso malo olimbikitsa luso la makompyuta ngati mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub. M'zipatala zambiri za boma muli makompyuta osungira mbiri ya odwala, ntchito imene a Baobab Health Trust anayambitsa, ndipo kumeneko mumagwira zinthu zenizeni. Pamalo pang'ono, munthu wa IT amakhala mmodzi yekha, wotopa, ndipo akaona womuthandiza amakupatsani ntchito tsiku loyamba lomwelo. Imelo yokha sikwanira. Pitani nokha, mufunse mwaulemu ngati mungaonane ndi bwana wa IT, pakatha sabata mubwererenso.

Wina akakuuzani kuti ali ndi "munthu wake mkati", mungotumiza kangachepe pa Mpamba kapena pa Airtel Money, ameneyo ndi wakuba. Malo a atachimenti sagulitsa. Ndipo funsiranitu ngati pali alawansi. Malo ambiri palibe, choncho thiransipoti, nkhomaliro ndi lendi ndi zanu. Ine ndinasankha malo oti ndiziyenda wapansi kuchokera kwa azakhali, ndipo sindidandaula.

Za zida ndinene pang'ono. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, laputopu yatsopano ndi ya ochepa, ambirife timagula zogwiritsidwapo kale ntchito. Musagule usiku kapena pa chithunzi cha pa Facebook. Iyatseni pomwepo, muzule chaja muone ngati batire ikusunga moto, chifukwa ndi kuthimathima kwa magetsi laputopu yopanda batire ndi mtolo chabe. RAM (memori yogwirira ntchito) isachepere 8GB, ndipo laputopuyo ikhale ndi SSD, chosungira mafayilo chothamanga. Fulashi za m'misewu zolembedwa 128GB pamtengo wa fanta ndi bani, zisiyeni. Zimaonetsa kuti mafayilo alowa, koma mukadzatsekula mumapeza zinyalala. Ilipo pulogalamu yaulere ya H2testw yoyezera kukula kwenikweni kwa fulashi. Chimodzimodzi waya wa netiweki: wina amalembedwa Cat6 koma mkati ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa, mukamupala ndi mpeni amayera. Bwana akakutumani kukagula, palani kaye. Kumanga RJ45, kamutu ka kumapeto kwa wayayo, sindikuphunzitsani, munaphunzira m'kalasi, ingokumbukirani kuti waya mmodzi asapitirire mamita 100.

Tsopano logbook. Apa ndi pomwe ine ndinapsa.

Kabuku kameneka sukulu imakupatsani kuti muzilemba zimene mwachita, woyang'anira wanu wa pamalopo azisayina. Kamaoneka kachabechabe. Ine ndinakaponya pansi pa chikwama n'kunena kuti ndidzalemba zonse pamodzi kumapeto, popeza mutu wanga ndi wabwino. Bambo amene ankandiyang'anira anali munthu wabwino kwambiri, tinkakwera limodzi m'denga kukoka mawaya, kutsika tili mbuu ndi fumbi. Ndikawakumbutsa za kusayina ankangoti, "Iwe usadandaule, tidzasayina zonse tsiku limodzi." Ine n'kumasangalala kuti ndapeza bwana wosavuta.

Patatsala masabata atatu kuti ndimalize, ndinafika Lolemba m'mawa n'kupeza tebulo lawo lili mbee, kapu yawo ya tiyi yokha ndi imene inatsala. Anali atapeza ntchito kwina, kunja kwa dziko, ndipo nambala yawo sinkapezekanso. Analowa m'malo mwawo anali mayi wosaseka ndi ntchito. Ndinawapatsa logbook yomwe ndinachezera kulemba usiku uwiri, masabata onse ndi cholembera chimodzi, inki yofanana kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Anatsekula, anayang'ana masamba atatu, n'kundibwezera. "Achimwene, ine ndisayina bwanji ntchito imene sindinaione?" Ndinasowa choyankha, chifukwa sankalakwa. Choipa china, zambiri ndinali nditaiwala. Sabata yonse yachinayi ndinangolemba kuti ndinkakonza mapulinta, osakumbuka kuti anali a ofesi iti, vuto linali chiyani.

Chinandipulumutsa ndi buku la pa tebulo la IT momwe anthu ankalemba madandaulo awo, komanso mauthenga a pa WhatsApp omwe bwana wakale uja ankanditumira. Ndinakhala masiku anayi ndikufananitsa madeti, n'kulembanso zonse pa mapepala ena, mayi aja n'kumafunsa m'maofesi ngati ndinafikamodi. Anasayina masabata okhawo omwe panali umboni. Awiri anatsala opanda siginecha, ndipo malikisi anga anadulidwa.

Ndiye chitani chonchi. Tsiku lililonse musanaweruke, mphindi 10 zokha, lembani zinthu zitatu: vuto linali chiyani, munachita chiyani, zinatha bwanji. Osangoti "ndinakonza netiweki". Lembani kuti makompyuta a ku akaunti sankalumikizana ndi pulinta chifukwa makina awiri anali ndi IP address (nambala yozindikirira makina pa netiweki) imodzi, ndipo munasintha ya pulinta. Lachisanu lililonse kasayinitseni, ngakhale bwana akhale wotanganidwa motani, muwadikire pakhomo. Akasayina, jambulani tsambalo pa foni n'kulitumiza ku imelo yanu. Dziwaninso munthu wachiwiri pamalopo amene akuona ntchito yanu. Aphunzitsi ochokera ku sukulu akabwera kudzakuyenderani, nthawi zina osakuchenjezani, choyamba kupempha ndi kabuku komweko.

Pojambulapo samalani. Tsamba la logbook ndi lanu, koma sikirini yoonetsa maina a odwala, malipiro a antchito kapena maakaunti a makasitomala si yanu. Kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndiponso lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo kukhala mwana wa sukulu sikungakuombolereni. Pasiwedi ya admin akakupatsani musaigawe, ndipo musaikepo mafilimu pa server.

Zotsalazo n'zosavuta ngati logbook ili bwino. Lipoti limangochokera m'menemo: mbiri ya malowo mwachidule, ntchito zimene munagwira, zimene zikugwirizana ndi maphunziro a m'kalasi, mavuto, malingaliro anu. Tsatirani kalembedwe komwe dipatimenti yanu inapereka, musakopere la mnzanu wa chaka chatha, aphunzitsi amawadziwa. Lisungeni malo awiri. Polisindikiza pitani m'mawa, magetsi asanathime, ndipo muwerenge masamba musanalipire chifukwa ena amadumphitsa. Ngati kuli kukafotokoza pamaso pa aphunzitsi, sankhani vuto limodzi lomwe munalithetsa nokha, mulifotokoze bwinobwino.

Sabata yomaliza pemphani kalata yokuchitirani umboni, ya pa pepala la kampani, yachidindo. Muitenge musanabweze chiphaso cholowera pageti.