Mmene mungaonere positi ofesi yakale isanagwe

Bambo anga ali ku Joni, kalata zawo tinkakatenga ku positi, ine ndi amayi, wapansi kuchoka kumudzi kwathu ku Angónia. N'chifukwa chake nyumba za Correios, kampani ya positi ya ku Mozambique, zimandikhudza mtima, makamaka chithetsereni kampaniyo boma mu 2021.

Mukafika pa positi yakale, musathamangire kulowa. Imani kutsidya la msewu m'mawa, dzuwa lisanakwere, mujambule kumaso konse: denga, khonde, mawindo. Kenako yandikirani muyeze khoma ndi chikhatho pa khomo. Makoma ochindikala, denga lalitali ndi khonde lotambalala ndi zimene zinkaziziritsa m'kati pa kutentha kwa ku Tete, kopanda makina.

M'katimo funani timabokosi ta makalata tokhala ndi manambala, ndi kauntala. Gwirani thabwalo pamene pasalala ndi zigongono za anthu odikira. Ine pamenepo ndimachedwapo.

Gogodani mafelemu ndi kiyi; akamveka ngati ng'oma, chiswe chadya m'kati. Mukaona ndere m'munsi mwa khoma, madzi akukwera. Chonde musamatepo simenti, imatsekera chinyezi m'kati. Khoma lomangidwa ndi laimu limafuna laimu.

Funsaninso chaka chimene inamangidwa. Lamulo la ku Mozambique la nambala 10/88 limateteza nyumba zonse zomangidwa chisanafike chaka cha 1920, monga positi yaikulu ya ku Maputo ya 1903, pa Avenida 25 de Setembro. Zithunzi zanu mukazipereke ku ofesi yoona za chikhalidwe paboma, ndipo mulembe zimene agogo apafupi akukumbukira, m'mawu awo omwe.